Munda Umene Ruo Anapatsa Abambo

Abambo anga anakhala pamudzi pathu nthawi yaitali kuposa mbuzi, nkhuku ndi madenga onse a pamudzipo, koma mpaka imvi zinawadzaza m'mutu ankatchedwabe alendo. Kwawo kunali cha ku Nkando. Anatsikira kuno kumunsi kwa Milonde, m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo, kudzakwatira amayi, poti kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi. Nyumba anamanga ndi iwo, chimbudzi anakumba ndi iwo, nkhokwe ankaluka ndi iwo, koma ukafunsa mwana aliyense kuti apa ndi pa yani, ankatchula amayi. Minda nayo inali ya amayi ndi abale awo, yosiyidwa ndi anganga, agogo athu aakazi. Abambo chawo chenicheni chinali khasu, ndi msana wolitukulira.

Wolamula za minda anali amalume, mchimwene wawo wa amayi, amene timati mwini mbumba. Anali munthu wamfupi wa mawu aakulu. Paunyamata wawo anagwirako ukapitawo kuminda ya tiyi. Ntchitoyo inatha msanga, koma mawu a ukapitawo sanawabweze, anabwera nawo kumudzi. Iwonso anakwatira pamudzi woyandikana nafe, kumene anali mkamwini wamba, wotumidwa kukatema nkhuni ngati wina aliyense. Ndiye zonse zimene ankameza kumeneko ankadzazilavulira kwathu. Akafika ankayamba ayendera malire, moni pambuyo. Chilomwe sankachiyankhula masiku onse, koma nkhani ikangokhudza munda chinkawabwerera chonse, ndi mawu omwe ife tinkayesa kuti anganga anapita nawo kumanda.

Kuno timalima pawiri. Kumtunda timaunda mizere mvula isanagwe, n'kubzala chimanga, nandolo, chinangwa, ndi kalongonda m'mbalimbali. Dothi la kumeneko ndi lofiira, lotopa, lopanda feteleza silikumva. Ndiye pali kudimba, kumunsi kwa gombe, kumene timatsikira madzi akaphwa. Kumeneko Ruo amasiya matope akuda, ndipo ukaponya mbewu sufunika kuipempherera kwambiri. Chimanga cha kudimba ndicho chimatipulumutsa nkhokwe ikayamba kuoneka pansi. Vuto lake n'lakuti mwini dimba weniweni ndi mtsinje. Mvula ikagwa kuphiri, ngakhale kuno kuli dzuwa loswa mtengo, umangomva mkokomo, akuluakulu n'kumati Napolo wanyamuka. Chaka china amakusiyira matope, chaka china mchenga wofika m'mawondo, chaka china amanyamula munda wonse osasiya ndi zikomo yemwe. Koma sitichoka. Alangizi amabwera kudzatiuza kuti tisamalime m'mphepete mwa mtsinje, ife timavomera mwaulemu ndithu, n'kuwapatsa nzimbe zodula m'mphepete mwa mtsinje momwemo, iwo n'kumatafuna pobwerera.

Dimba lathu lalikulu linali pamene mtsinje umakhota, ndipo dzinja lililonse madzi ankaluma gombe pang'onopang'ono. Ndili kamtsikana, abambo anabwera tsiku lina ndi zitsa za nsungwi pa njinga, zopempha kwa mnzawo, n'kuyamba kuzikwirira m'mbali mwa gombelo. Sanafike nazo patali. Amalume anatulukira, manja kumbuyo.

"Alamu, izi n'chiyani?"

"Nsungwi, alamu. Mizu yake igwire gombeli, madzi akulidya."

"Munafunsa yani?"

"Ndimati n'zothandiza tonse."

"Lero nsungwi, mawa mango, mkuja mudzati tikuikeni pompano chifukwa mitengo ndi yanu. Mkamwini amabzala zokolola chaka chomwecho. Zokhalitsa amabzala eni ake."

"Ndiye bzalani ndinu, alamu. Zitsa ndi izi."

Amalume anati aganizira. Abambo anazula okha zimene anakwirira kale, n'kukaziunjika kuseri kwa khola la mbuzi. Zinauma pomwepo, amayi n'kuphikira kalongonda, poti kalongonda amafuna nkhuni zambiri kuti asakuledzeretse. Ine ndinakwiya kuposa eni ake. Ndinawafunsa abambo kuti bwanji sanawayankhe amalume, iwo anangoti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, n'kundituma madzi akumwa.

Zaka zinapita, amalume akuganizirabe, gombe likugumukabe. Ine ndinakula, ndinapeza banja. Amuna anga amathyola tiyi, ndipo nawo anabwera kudzamanga pafupi ndi nyumba ya amayi monga mwa mwambo. Abambo anawalandira bwino mkamwini mnzawo. Anawaonetsa pokumba dothi la njerwa, anawabwereka nkhwangwa, n'kuwapatsa langizo limodzi lokha: "Pano m'pabwino, bambo. Bola osabzala chinthu chotalika kuposa inu."

Kenaka kunabwera chaka chija mvula inagwa masiku otsatizana osapumira, mpaka makoma a nyumba anayamba kutuluka thukuta. Madzi anafika m'mawa anthu tikuona. Tinathawira kutchalitchi cha kumtunda ndi ana, mbuzi ndi tizinthu tochepa, tinakhala kumeneko mpaka mkokomo unatsika. Titatsikira kumtsinje kukaona, theka la dimba lathu kunalibe. Pamene panali nzimbe za amayi panali gombe loima chilili, madzi akudutsa pansi pake ngati akhala akudutsa pomwepo chiyambire. Amayi anakhala pansi n'kugwira tsaya. Amalume anayankhula Chilomwe chambiri kwa mtsinje, mtsinje sunayankhe.

Kumunsi pang'ono kwa dimbalo kunali dziwe lakuya limene tonse tinkaliopa, poti anthu ankati muli ng'ona. Dziwe limenelo linali litakwiririka. Mtsinje unasunthira njira yake cha uko, ndipo pamene panali madzi panatsala bwalo la mchenga, miyala, zipika za mitengo ya kuphiri, ndi chitseko cha nyumba ya munthu wina amene sitinamudziwe. Anthu onse ankalira zimene zapita. Abambo okha ndi amene ndinawaona akuyendayenda pamchengapo ndi ndodo, kuizika pansi, kuizula, kuyang'ana kunsonga kwake, kusunthira pena. Anabwera kunyumba matope mpaka m'ntchafu.

"Amayi ake, pansi pa mchenga uja pali dothi."

"Pansi pa mchenga uliwonse pali dothi," amayi anatero. "Sambani mudye."

Abambo anali ataphunzira. Sanakhudze khasu asanafunse. Anadikira tsiku limene anthu anasonkhana kudzatipepesa za dimba, ndipo pamaso pa onse anawafunsa amalume kuti kodi pamene panali dziwe paja ndi pa yani.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Pamenepo m'pa ng'ona, alamu. Kapempheni kwa iyo."

"Ndiye si pa mbumba?"

"Anganga athu sanali nsomba. Ngati mukufuna kulima mchenga, kalimeni. Ife za pamadzi sitizidziwa."

Abambo anathokoza, anawomba m'manja mwaulemu, ndipo m'mawa mwake anatsika ndi khasu.

Ntchito imene anagwira pamenepo sindiifunira munthu. Mchenga sungaundepo mzere, ndiye ankakumba maenje, lililonse mpaka mkono wonse ulowe, kufikira atapeza matope akuda apansi. M'dzenjemo ankathira manyowa a mbuzi onyamula m'thumba pamutu kuchokera kunyumba, n'kubzalamo chimanga. Mphepo ikawomba mchenga unkagweramonso, iwo n'kumafukula ndi manja. Mbali imene madzi amachokera anakhomako zikhomo, n'kulukamo bango ngati akuluka nkhokwe yogona, kuseri kwake anabzala nsenjere ndi ana a nthochi. Anapitanso kwa mnzawo uja kukatenga zitsa zina za nsungwi, ndipo ulendo uno panalibe wowafunsa kuti anafunsa yani. Amayi ochapa kumtsinje ankawaseka poyera. Ankati alamu akukumbira ng'ona zimbudzi. Ine ndinkapsa mtima poona munthu wamkulu akuthyola msana kukonzera mtsinje chakudya, ndipo ndinawauza. Anandiyankha kuti madzi saiwala khwawa, zoona, koma nawonso amatopa, amafuna pokhala.

Chaka choyamba anakolola zochepa, mondokwa wokwana kudya ana ndi maungu angapo. Dzinja litafika tonse tinadikira kuti tione mtsinje ukusesa zonse. Madzi anabweradi, anakwera pamwamba pa bwalo lija, koma atalowa m'nsenjere ndi m'bango anafooka, n'kutula matope amene ananyamula. Ataphwa, pamwamba pa mchenga panali dothi lakuda lonenepa. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Nsungwi zinagwira, nthochi zinaberekana, ndipo malowo anayamba kukwera ndi kutambasuka. Nthawi yomweyo dimba lathu lakale, kumtunda kwake, linkagumukabe dzinja lililonse. Ruo ankanyamula uku n'kukatsitsa uko ngati wakabaza, osalipiritsa.

Abambo anasintha. Sindinadziwe kuti munthu uja amatha kuimba mluzu. Anamanga kamsasa ka udzu pakati pa munda, ankapita kusanatenthe, kubwera dzuwa litapendeka. Amayi ankati apeza mkazi wachiwiri, ndipo mkazi wakeyo sawalankhulitsa pambali. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi mawu amodzi. Ankati akakumana ndi munthu panjira amamupatsa dzungu n'kunena kuti, "Tengani, n'za kumunda kwanga." Ankawanena mawu amenewa pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuyesa nsapato zatsopano. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawamvepo abambo akunena kuti kwanga, kupatula akamanena za ku Nkando, kumene nakonso minda inali ya alongo awo.

Ndipo ankabzala zamisala. Kuminda ya amayi chilichonse chinkayamba chakambidwa, pati pakhale chimanga, pati nandolo, amalume n'kudzavomereza. Uku ayi. Anabzala tsabola woti munthu mmodzi sangamalize, mapapaya, zinanazi, mpunga pakachithaphwi kena, umene mbalame zinaudya wonse. Chaka china anabwera ndi mbewu ya mphonda yachilendo yopatsidwa ndi munthu wa kutsidya, inabereka zazikulu ngati mitsuko, zowawa zoti ndi nkhumba zomwe zinakana. Ndinawafunsa kuti akuonongeranji malo. Anaseka.

"Zikakanika, zakanika zanga, mayi. Palibe woti ndikamufotokozere."

Mondokwa wawo ankacha anthu onse ali pa njala, ndipo ankapita naye pa njinga kumsika ku Milonde, matumba atatsamira uku ndi uku. Amayi aja ankawaseka kumtsinje anayamba kuwapatsa moni wogwada. Amalume nawo anayamba kudutsira kumeneko, akuti akupita kukaona msampha wa nsomba. Abambo ankawaotchera mondokwa pamsasa, amalume n'kumadya mwakachetechete, maso akuyenda kuyambira kunthochi mpaka kunsungwi. Nthawi imeneyo dimba lakale linali litatsala kachidutswa koti nkhuku ingadumphe.

Tsiku lina ndinapita kukathyola nkhwani, ndinawapeza amalume atanjuta pakati pa chimanga. Anatapa dothi, analifikisa m'manja, analinunkhiza, kenaka anayikako lilime.

"Dothi ili ndikulidziwa," anatero.

Abambo anasiya kupalira.

"Alamu, dothi ili ndi la anganga. Ndakulira pa dothi limeneli ine. Lachoka padimba pathu paja."

"Anganga aja sanali nsombawa?"

"Musandiseke. Mbuzi yanga ikalowa m'khola mwanu, imasanduka yanu?"

"Mbuzi imabwerera yokha madzulo, alamu. Liitaneni dothi lanulo, mwina likumverani."

Ine ndinaseka mpaka nkhwani unagwa. Amalume anandiyang'ana, anapukuta manja pa buluku, n'kunena kuti nkhaniyi ikambidwa pambumba.

Tinakhala Lamulungu tikuchokera kutchalitchi, pakhonde pa amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi. Amayi aakuluwa ndi munthu wamtendere, wa mtundu uja woti akaona awiri akulimbirana nkhuku amaipha n'kuphika kuti mkangano uthe. Amayi onse a pambumba anakhala pamphasa. Amalume anakhala pampando. Abambo anakhala cha kumapeto pa njerwa, pamalo pa akamwini. Amuna anga sanaitanidwe, koma njinga yawo inaonongekera pafupi pomwepo ndipo inatenga nthawi yonse ya mlandu kuikonza.

Amalume anayamba m'Chichewa, atatenthedwa analowa m'Chilomwe. Achinyamata ambiri sitinkamva zonse, ndipo zimenezo zinawathandiza, chifukwa mawu osamveka amaoneka aakulu. Mutu wake unali womwewo: munda ndi dothi, dothi ndi la anganga, langosamuka, ndipo chinthu chikasamuka sichisintha mwini. Anatchula anganga, anatchula amayi awo a anganga amene anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambiki atasenza mbewu pamutu, anatchula thukuta lawo limene akuti likadali m'dothimo. Za thukuta la munthu amene anakhala pa njerwa sanatchuleko.

Abambo atapatsidwa mpata sanaimirire. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ine ndinafunsa pamaso panu nonse, ndinauzidwa kuti m'pa ng'ona. Koma ngati dothi ndi lanu, alamu, sindikukanizani. Bwerani ndi madengu mudzatape. Mungosankha bwino, chifukwa Ruo sanayambire padimba panu. Muli dothi la anthu a kuphiri mmenemo, muli la kuminda ya tiyi, muli la a kutsidya. Mutenge lanu lokha. Mundisiyire la enawo, ndi mchenga, ndi chitseko chija."

Amayi a pamphasa anaphulika kuseka, ena kubisa nkhope m'zitenje. Njinga ya amuna anga inagwa. Amalume anatsegula pakamwa, Chichewa sichinabwere, Chilomwe sichinabwere. Ine ndinati basi, abambo awina, kamodzi kokha pamoyo wawo awina pakhonde la eni mudzi.

Apo m'pamene panali ngozi, ine osadziwa. Mwini mbumba sachita manyazi pamaso pa mbumba yake, chifukwa mawa ndi yemweyo adzaimire maukwati ndi maliro athu. Amayi aakulu anaona kuti mchimwene wawo wagwa, ndipo anathamangira kukamudzutsa.

"Achimwene, inu munanena nokha kuti pamenepo simukupadziwa. Mawu sabwerera m'kamwa. Munda si wanu." Anatembenukira kwa abambo, mawu ofewa ngati akunyengerera mwana. "Alamu, thukuta lanu tonse taliona, palibe angalikane. Koma tafunsani mtima wanu, munthu amalimira yani? Si ana? Ndiye ine ndikuti mundawu ukhale wa mwana uyu." Analoza ine. "Magazi ndi anu, alamu, mbumba ndi yathu. Apa palibe waluza."

Nthungululu inalira. Amalume anavomera mwachangu moti ndinadziwa kuti apeza zoposa zimene anabwerera. Munda ukakhala wanga, uli pambumba, ndipo za pambumba woyang'anira ndi iwo. Amayi anga anangoyang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Ine sindinapemphe munda," ndinatero mwaukali. "Munda ndi wa abambo."

"Iwe khala chete," amalume anatero, mawu a ukapitawo atabwerera. "Sitikupatsa iwe, tikupatsa ana ako ndi ana awo. Ungawakanire iwe ndani?"

Amayi aakulu anawafunsa abambo mokoma mtima kwambiri: "Kapena inu, alamu, mukukana kumupatsa mwana wanu?"

Taganizani funso limenelo. Munthu angayankhe chiyani, mwana wake ali pomwepo, anthu onse akumuyang'ana? Abambo anandiyang'ana ine, anayang'ana chipewa chawo.

"Ndingamukanize bwanji mwana wanga."

Anthu anawomba m'manja. Anatulutsa thobwa. Amayi ena anabwera kudzandigwira chanza kuti ndili ndi mwayi, ena anapita kukawayamikira abambo kuti ndi munthu womvetsa, akamwini onse akanakhala chonchi midzi ikanakhala pamtendere. Abambo anamwa thobwa lawo lonse, anathokoza eni khonde, n'kunyamuka.

Madzulo ake ndinawapeza amayi akusenda chinangwa, ndipo ndinawakalipira ngati mnzanga. Ndinawafunsa kuti bwanji anakhala duu ngati si amuna awo amene akulandidwa. Amayi sanasiye kusenda.

"Ukuganiza kuti sizikundiwawa? Koma tamvera. Tsiku limene ndidzafe ine, bambo akowa adzawasudzula, adzawauza kuti ukwati watha, abwerere kwawo. Munda ukanakhala m'dzina lawo, amalume ako akanaulanda maliro anga asanazizire. Uli kwa iwe, palibe angawaletse kudyako. Ine ndaona patali."

Mwina anaonadi patali. Chimene chimandipweteka n'chakuti pankhani yonseyi panalibe munthu woipa woti ndimude bwinobwino. Aliyense ankawachitira abambo zabwino.

M'mawa mwake ndinatsikira kumunda. Ndinawapeza akumangira nthochi ina mphanda kuti mkoko usaigwetse.

"Abambo, munda ndi wanu. Zija n'zapakhonde chabe. Ine sindidzaponda muno ngati mwini."

"Zapakhonde n'zimene zimakhala, mayi," anatero osatembenuka. "Usadandaule. Bola wapita kwa iwe. Tagwira apa ndimange."

Ndinagwira, anamanga.

Sanaunyanyale munda. Ankapitabe m'mawa uliwonse, ankakonzabe bango madzi akaononga, ndipo chimanga chinkachabe bwino kuposa cha wina aliyense. Koma mluzu unatha. Tsabola atauma sanabzalenso wina. Pamene panali zinanazi anaikapo chimanga, pakachithaphwi ka mpunga anaikapo chimanga, ponseponse chimanga ndi nyemba, mbewu zoti munthu sangakufunse chifukwa chake. Akakumana ndi munthu panjira ankamupatsabe dzungu, koma ankati, "Tengani, n'za kumunda kwa mwana." Akakolola ankayamba atula matumba pakhomo panga, ine n'kumawabweza kwa amayi, abambo n'kumadikira kuti ndinene kaye. Amalume anayambiranso kuyendera malire, manja kumbuyo, ndipo ankayamikira nsungwi zija kuti zagwira bwino gombe la mbumba.

Chaka chathachi, madzi ataphwa, ndinali kuseri ndikutsuka mbale pamene ndinamva odi pakhomo. Ndinatuluka manja ali onyowa. Anali abambo, khasu lili pansi, chipewa chili m'manja. Munthu amene anandinyamula pamapewa powoloka mtsinje, ataima pabwalo panga ngati waganyu.

"Eni munda, mwadzuka bwanji? Pansi pauma tsopano. Ndimati ndimve, chaka chino tibzale chiyani?"

Ndinayang'ana nkhope yawo kuti mwina akundiseka, poti abambo nthabwala amazitha. Sankaseka. Ukali unandikwera mpaka m'maso, ndi chisoni chomwe, moti sindinadziwe kuti ndikalipe kapena ndilire.

"Abambo, ndakuuzani kangati? Musamandifunse ine. Bzalani chimene mukufuna. Tsabola, mphonda zowawa zija, chilichonse. Chimene mtima wanu wafuna."

Anagwedeza mutu mwaulemu, ngati munthu amene walandira malangizo omveka bwino.

"Chabwino, mayi, ndamva. Poti mwalamula ndinu."

Anavala chipewa, anatola khasu lawo, n'kutsikira kumtsinje.